Fayilo ya malemu imatchula amoyo

Anthu a kuno ku Silverest akamva kuti ntchito yanga ndi kujambula mapepala akale a chuma cha masiye n'kuwasunga pa kompyuta, amandifunsa chinthu chimodzi: "Ndiye mungatipezereko pepala la munda wa agogo?" Sindiwadabwa. M'mbali mwa Great East Road minda yakale ikudulidwa mapuloti, University of Lusaka nayo inamanga kuno, ndipo malo akakwera mtengo aliyense amakumbukira kuti ndi mdzukulu wa uje.

Fayilo ya chuma cha masiye si taitolo ya malo ayi. M'katimo mumakhala wilo ngati malemu anasiya, kalata ya khoti yosankha administireta, mndandanda wa katundu ndi ngongole, kenako maina a oyenera kulandira. Kwa wofufuza mbiri ya banja, mbali yomalizayi ndiye nyama yake. Chikalata cha imfa chimanena za munthu mmodzi, koma fayiloyi imaulula akazi onse, ana a kunyumba yaikulu ndi a kumbali, ngakhale m'bale amene anapita ku migodi osalembanso kalata.

Komatu si agogo onse amene ali ndi fayilo. M'nthawi ya Northern Rhodesia chuma cha anthu akuda chinkagawidwa mwamwambo, pakamwa, pamaso pa akuluakulu. Kwa Asoli, eni dziko la Chongwe lomwe lili pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, monganso kwa Achewa, mtundu umatsata kuchikazi, ndipo wolowa m'malo kawirikawiri ankakhala mphwake wa malemu kapena mwana wa mlongo wake. Choncho mafayilo a zaka zimenezo ambiri ndi a azungu a m'mafamu ndi amwenye a masitolo. Anthu athu mumawapeza m'mphepete: khukhi amene bwana anamusiyira njinga, kapitawo amene sanalandire malipiro a mwezi womaliza, dzina limodzi lokha popanda la bambo. Zinthu zinasintha mu 1989 ndi lamulo la Intestate Succession Act, lomwe limati munthu akafa wopanda wilo ana alandire 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Pogawa motero pamafunika kulemba aliyense. Dziwaninso kuti lamuloli silikhudza malo a mfumu.

Kujambula kwenikweniko n'kosavuta. Timachotsa mapini adzimbiri, kuwongola pepala, n'kulijambula tsamba ndi tsamba mu dongosolo limene tinalipeza, ngakhale kuseri kumene kalaliki anangolembako ndi pensulo. Zithunzizo timazisunga malo angapo.

Ntchito imene imadya miyezi ndi ya kalozera. Zithunzi zopanda kalozera zili ngati chimanga, mapira ndi nyemba zothiridwa m'nkhokwe imodzi. Kompyuta imayesako kuwerenga zotayipa, koma ikafika pa kope lofufutika la kaboni kapena pa dzanja la kalaliki wothamanga imangobwebweta. Pamafunika munthu, ndipo ine ndimafuna awiri, aliyense alembe payekha kenako tifananitse. Phiri angalembedwe Piri, Mwale akhale Mwali, munthu yemweyo pa tsamba lina atchedwe ndi dzina la pa ntchito. Sitikonza zimene zinalembedwa: timakopera mmene zilili, n'kuika kalembedwe ka lero pambali. Malo nawonso, Fort Jameson ilozere ku Chipata, Broken Hill ku Kabwe, Feira ku Luangwa. Ndalama za mafayilo a 1968 isanafike ndi mapaundi, osati kwacha.

Chimene sindigwirizana nacho n'chizolowezi cholemba dzina la malemu lokha mu kalozera. N'chachangu, inde, koma chimakwiriranso kachiwiri mkazi wamasiye, mboni ndi khukhi uja. Ine ndimalowetsa dzina lililonse ndi ubale wake kwa malemu. Mafayilo a posachedwa, okhala ndi manambala a marejisitala ndi a ku banki a anthu amoyo, sindiwaika poyera pa intaneti.

Amene agogo awo alibe fayilo asataye mtima. Ku National Archives of Zambia, mu Ridgeway ku Lusaka, kuli mabuku a District Notebooks amene mabwanamkubwa a m'maboma ankalembamo mafumu, midzi ndi mibadwo yawo, ndipo mabuku a ubatizo a ku mishoni nawo amathandiza. Musananyamuke, khalani pansi ndi azakhali kapena amalume, mulembe maina onse amene agogowo ankadziwika nawo, mudzi, mfumu, kumene anagwira ntchito ndi chaka chimene anamwalira, ngakhale chongoyerekeza.