Zinthu 6 Zodabwitsa za Masiteroidi Zimene Onyamula Zitsulo ku Barking Ayenera Kudziwa

Barking, kum'mawa kwa London, ndi kwawo kwa Bobby Moore, kaputeni amene anatsogolera England potenga chikho cha dziko lonse mu 1966. Masewera kuno ali m'magazi. Koma mnyamata wolowa m'jimu lero amatha kunong'onezedwa za njira yachidule: masiteroidi, mankhwala otengera homoni yachimuna ya testosterone. Makolo ndi achinyamata, mankhwalawa ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

1. Amatupitsa akatumba koma amanyalitsa machende. Thupi likaona kuti homoniyi yachuluka m'magazi, limaleka kupanga yakeyake. Umuna umachepa, mwamuna n'kumalephera kupereka mimba. Bungwe la WHO linayesapo jakisoni wa testosterone ngati njira yolera ya abambo, ndipo zotsatira za mu 1990 zinasonyeza kuti imagwiradi ntchito.

2. Mwamuna amamera mabere. Thupi limasandutsa testosterone yochulukayo kukhala homoni yachikazi, ndipo maberewo akakhwima, nthawi zambiri amafuna opaleshoni. Mkazi naye amamera ndevu, msambo umasokonekera, ndipo mawu akasanduka besi kawirikawiri sabwereranso.

3. Mtima nawo ndi mnofu. Umakula, khoma lake n'kukhuthala, mpaka umalephera kupopa bwino magazi. BP imakwera ndipo sitiroko imatha kugwira munthu wazaka za m'ma 30. Kafukufuku wa ku Denmark anapeza kuti imfa pakati pa abambo ogwiritsa ntchito mankhwalawa zinali pafupifupi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi anzawo.

4. Wachinyamata amapinimbira. Masiteroidi amatseka msanga nsonga za mafupa pomwe pamakulira msinkhu. Msinkhu wotayikawo subwerera.

5. Kukhala nawo si mlandu, koma kugawira mnzako ndi mlandu. Ku United Kingdom ali m'gulu la Class C. Wowagulitsa, ngakhale wongopatsako mnzake wa m'jimu, atha kukhala m'ndende zaka mpaka 14. Kuyambira 2012, kuwaitanitsa kunja kudzera pa positi nakonso n'koletsedwa.

6. Amalanditsa mendulo. Pa Olimpiki ya 2012 ku Stratford, pafupi ndi Barking, Nadzeya Ostapchuk wa ku Belarus analandidwa golide wa kuponya chitsulo atamupeza ndi metenolone. CJ Ujah, wothamanga wa ku London, anapezeka ndi ostarine, mankhwala ogwira ntchito mofanana ndi testosterone, omwe anati anali m'zowonjezera mphamvu zimene anagula. Timu yonse ya Britain yomwe ankathamanga nayo inataya siliva wa pa Olimpiki ya ku Tokyo.

Ngati munayamba kale, musachite manyazi kuuza dokotala wanu wa GP. Kusiya kumabwera ndi kufooka komanso matenda a maganizo, chifukwa thupi limatenga miyezi kuti liyambirenso kupanga homoni yake. Nthawi imeneyo mpamene ambiri amabwerera ku jakisoni, choncho musalimbane nazo nokha.