Chifukwa chake mlengalenga wa Van Goyen udatuwa

Jan van Goyen adabadwira ku Leiden, m'dziko la Netherlands, mu 1596 ndipo adamwalira ku The Hague mu 1656. Mbali yaikulu ya moyo wake adaithera pa kujambula mitsinje: mabwato, asodzi akukoka khoka, nsanja ya tchalitchi cha Dordrecht ikuoneka patsidya, ndi thambo lalikulu lodzaza pafupifupi chithunzi chonse. Munthu wa ku Mandimba amene adaimapo m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, pomwe mtsinje wa Lugenda umayambira, sangachedwe kuzindikira dziko lafulati lamadzi lotere.

Chodabwitsa n'chakuti zithunzi zake zambiri lero n'zotuwa mbuu. Kwina adachita dala, chifukwa m'zaka za m'ma 1630 ndi 1640 ankakonda kugwiritsa ntchito mitundu yochepa. Koma kwina mlandu ndi wa utoto womwewo.

Buluu wabwino wa nthawi imeneyo ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, wodula zedi. Ojambula ambiri ankagula wotchipa wotchedwa smalt, womwe ndi galasi losakaniza ndi cobalt, lopera n'kukhala ufa. Ufawo ankausakaniza ndi mafuta. Pakapita zaka, potaziyamu wa m'galasimo amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'mafuta, ndipo akachoka, tinthu ta cobalt timasintha kakhalidwe, buluu uja n'kuzimirira. Asayansi a ku France ndi a ku National Gallery ya ku London adafotokoza bwino kachitidwe kameneka mu 2011, atawunika tizidutswa ta utoto wakale ndi kuwala kwamphamvu kwa X-ray. Utoto ukatero sungabwezeretsedwe.

Pomwe magombe ndi zinyumba za m'zithunzizo, zojambulidwa ndi mitundu ya dothi, zidakali momwemo. Ofiira ndi achikasu amenewa ndi chitsulo chomwe chidachita kale dzimbiri, ndiye dzuwa kapena mpweya zilibenso chochita nacho. Ndi mankhwala omwewo amene amafiiritsa katondo amene amayi a ku Ngauma ndi ku Cuamba amakongoletsera zipupa za nyumba. Wina angafunse kuti nanga bwanji zokongoletsazo zimatha chaka chilichonse. Mtunduwo susuluka ayi; mvula ndiyo imakokolola dothilo poti palibe chomatira. Pamene pali potchingika, monga m'mapanga a Chongoni ku Dedza, omwe UNESCO idawaika m'kaundula wake mu 2006, zojambula zofiira za Akafula zikuonekabe.

Mitambo yoyera ya m'zithunzi za nthawiyo ili ndi nkhani yoopsa. Utoto woyerawo unkapangidwa ndi mtovu wa lead, poizoni amene amawononga ubongo wa ana, ndipo bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wake wosavulaza m'thupi. Penti ina yamafuta, makamaka yachikasu ndi yofiira, imakhalabe ndi lead mpaka pano m'maiko ambiri. Pogula penti ya nyumba kapena ya sukulu, werengani pachitini, ndipo musalole ana kusewera ndi zomatuka za penti yakale.