NDALAMA ZA MWEZI NDI CAKUDYA CA MLUNGU

Madzulo ano ndifuna kuceza nanu za cinthu cimene cimayambanitsa mwamuna ndi mkazi wace kopambana mowa, ndico ndalama za cakudya zimene zimatha mwezi usanathe. Citsanzo ndicitenga ku Vubwi, kum'mawa kwa Zambia, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Kale dera limeneli linali mbali ya Chadiza, koma mu 2012 linakhala boma palokha, monganso Sinda. Alipo ena a inu amene mugwira nchito ku Kitwe, ku Chingola kapena ku Solwezi, amene munasiya banja kumeneko, ndipo pakutha pa mwezi mumatumiza ndalama pa lamya. Pofika pa 20 lamya ilira: "Bambo, ufa watha." Inu mupsa mtima, muyesa kuti mai amwaza ndalama. Kodi munakhalapo pansi ndi kuwerenga?

Makolo athu amene anayamba nchito ya ku migodi analibe masamu amenewa. Kampani inali kuwapatsa phoso la ufa, nyama, nyemba, nshawa ndi mcere, ndipo m'zaka za m'ma 1950 phoso linalekeka, anthu nayamba kulandira ndalama m'malo mwace. Sindilira phoso ai, pakuti munthu wamkulu ayenera kusankha yekha cimene adye. Koma linali ndi nzeru imodzi: linali loyesedwa, ndipo silinali kubwera lonse pa tsiku limodzi. Malipiro amabwera kamodzi pa mwezi, pamene mimba imafunsa kawiri kapena katatu pa tsiku. Cifukwa cace nchito ya mai ndi bambo ndiyo kudzipangira okha phoso, kudula mwezi m'milungu inai.

Tiyambe ndi ufa, pakuti m'nyumba mopanda ufa muli maliro. Banja la anthu asanu lodya nsima masana ndi madzulo limatha kawiri-kawiri matumba awiri a makilo 25 pa mwezi. Mukagawa makilo 50 pa masiku 30 mupeza kuti mlungu umodzi ufuna monga makilo 12. Tsono Lamulungu madzulo mai apungule ufa wa mlungu wonse m'cidebe cace, thumba alimange. Ufa wa m'cidebe ukatha Lacisanu, adziwa msanga kuti mkono walemera, nakonza mlungu wotsatawo, osayembekeza kudzadzidzimuka pa 20. Ndiponso musanyoze mgaiwa, umene m'masitolo amaucha roller meal. Mtengo wace ngwocepa kusiyana ndi breakfast, ndipo uli ndi mtima wa cimanga ndi gaga, momwe muli zolimbitsa thupi. Ufa woyera ukoma m'maso, koma mwana sakula ndi maso.

Ku Vubwi munthu wanzeru sagula ufa wa m'sitolo konse ngati angathe. Kumeneko nkwa alimi. Cimanga cimatsika mtengo m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi, nicikwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka. Apa ndipo ndiri ndi mau ndi inu a ku migodi. Kutumiza ndalama zofanana mwezi ndi mwezi kuoneka ngati cilungamo, koma kuli bwino kudzimana mu Juni ndi kutumiza zambiri, kuti mai agule matumba a makilo 50 okwanira kufikira masika, azingopita ku cigayo. Matumba 12 akwanira banja lija caka cathunthu, kungoti cigayo cidyako pang'ono. Cimanga ciume gwa cisanalowe m'thumba, ndipo matumba akhale pa mitengo, osati pa dothi, cifukwa ca anankafumbwe ndi cuku. Cuku wa cimanga ndi nshawa ali ndi ululu umene umaononga ciwindi, ndipo kuphika sikuutha. Zoola zitayidwe, zisapite ku phala la ana. Amene anaona caka ca 2024, pamene mvula inadula ndipo Boma linalengeza mu Febuluwale kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse, akumbukira kusiyana kwa nyumba imene inasunga ndi nyumba imene inagulitsa zonse.

Zinthu zocokera kutali, monga shuga, saladi, sopo ndi mcere, zimafika ku Vubwi pa galimoto kucokera ku Chipata, ndipo wogula ndiye alipira ulendowo. Izi mugule kamodzi, tsiku lolandira ndalama. Mdani wamkulu ndiye kugula pang'ono-pang'ono pa kantemba: ka pamela ka ufa lero, ka saladi ka m'pepala mawa. Sindinyoza wosauka amene alibe njira yina, koma wa malipiro akacita comweco alipira botolo limodzi mtengo wokwera osazindikira, ndipo akayamba kulembetsa ngongole, malipiro a mwezi wa mawa atha asanabwere. Ngati botolo lalikulu likulakani, gwirizanani ndi mnansi, mugule pamodzi ndi kugawana. Akulu anati cipande ca therere cikoma ndi kuyenderana.

Tsopano za ndiwo. Ndinakhalapo mlungu wathunthu kwa mlamu wanga kumeneko, ndipo ndinaona mmene anali kucitira. Lamulungu usiku anabviika nyemba m'madzi, kuti Lolemba zipse msanga ndi nkhuni zocepa, naphika zokwanira masiku awiri. Tsiku laciwiri anazitenthetsa bwino nathiramo masamba a rape, ana nayesa ndiwo zatsopano. Lacitatu tinadya mnkhwani wotendera ndi nsinjiro, wosalira saladi ngakhale dontho. Kapenta anamsungira Lacinai ndi Loweruka, kambale kamodzi ndi matimati, pakuti kapenta acokera kutali, ku Siavonga ndi ku Mpulungu, ndipo sayenera kuphikidwa ngati wa m'dimba. Lacisanu linali la therere ndi mazira. Nkhuku inafa Lamulungu, ndipo ndikhulupira kuti inafera ine mlendo. Ndinamfunsa cifukwa cace sanagule nyama tsiku lolandira ndalama monga acitira ambiri. Iye anaseka nati nyama ya tsiku limodzi idya nyemba za milungu iwiri.

Mlungu wotere usintha ndi nyengo. M'dzinja muli bonongwe, kholowa, bowa ndi inswa zosagula. M'cilimwe muli mfutso, ngati mai anakumbukira kufutsa masamba pamene anali ocuruka, ndi mbewa kwa amene sacita nazo manyazi a m'tauni. Cimene cimandimvetsa cisoni ndi soya. Alimi a kumeneko amalima soya ndi nshawa, koma ambiri agulitsa zonse, pambuyo pace nagula masoya a m'mapaketi pa mtengo wokwera. Sungani ndowa imodzi kapena ziwiri. Soya akazingidwe kapena aphikidwe bwino asanapite ku cigayo, pakuti wamuwisi abvuta m'mimba. Musanganize gawo limodzi la soya ndi magawo anai a cimanga, ndipo mwapeza phala la m'mawa limene ligwira mwana wa sukulu kufikira masana kopambana tiyi ndi mabanzi.

Pomaliza kugawa, siyani padera ndalama pang'ono ndi ndowa ya cimanga zimene simunaziwerengere tsiku. Kwathu mlendo sapanga pangano, ndipo maliro akagwa pamudzi nyumba iri yonse ipereka ufa. Ndowa imeneyo muiike ku cipinda, kutali ndi cidebe ca mlungu. Gonani bwino nonse.