Zilonda za m'kamwa pambuyo pa opaleshoni ya msana

Odwala ena ocokera ku Kanyama, Matero kapena Chawama amene atumizidwa ku cipatala cacikulu ca UTH kukacitidwa opaleshoni ya msana amatsitsimuka ali ndi mlomo wong'ambika kapena lilime lotupa. Acibale amadabwa, popeza mpeni sunafike kukamwa konse.

Nkhani yagona pa kagonedwe. Opaleshoni ya msana, monga ya mafupa odyedwa ndi TB, kapena ya kumbuyo kwa mutu, kawirikawiri imafuna kuti wodwala agone cafufumimba, nthawi zina maola 4 kapena kuposa. Asanamtembenuze, wogonetsa odwala amalowetsa paipi ya mpweya kummero mothandizidwa ndi kacitsulo kounikira kochedwa laryngoscope. Kacitsulo aka kakhoza kugunda mano akutsogolo a m'mwamba. Dzino lolimba silivutika kawirikawiri, koma logwedera kapena lobooka limathyoka, ndipo cidutswa cikagwera m'mapapo ndi ngozi ina yaikulu.

Wodwala akatembenuzidwa, lilime limalendewera kutsogolo ndi kupanikizika pakati pa mano. Munthu wogonetsedwa samva kuwawa, motero salibweza. Khosi likapindika kwambiri, mwazi subwerera bwino kucokera ku lilime, ndipo limatupa. Ici ndico coopsa koposa, cifukwa lilime lotupa litseka njira ya mpweya. Ndiye cifukwa cake ena amasiyidwa ndi paipi ku ICU kufikira kutupa kutaphwa. Acibale asayese kuti opaleshoni yalephera.

Pofuna kupewa zimenezi, acipatala amaika nsalu yofewa yokulunga pakati pa mano a m'mbali, nayang'ana kukamwa wodwala atangotembenuzidwa. Koma wodwala nayenso ali ndi mbali yace. Pofunsidwa dzulo lace, aulule dzino lililonse logwedera. Ena amabisa mano oikirira cifukwa ca manyazi, ngakhale kuti ayenera kucotsedwa asanalowe m'thiyeta. Ngati tsiku la opaleshoni likali patali, ndi bwino kuyamba waonana ndi a mano ku cipatala ca m'komboni.

Zilonda zazing'ono zimapola m'sabata imodzi kapena ziwiri. Wodwala acukuce m'kamwa ndi madzi ofunda a mcere katatu pa tsiku, adye phala ndi zofewa, aleke tsabola ndi fodya. Kuika aspirin pa cilonda kumaocha nkhama. Dzanzi la lilime lingatenge masabata angapo kuti lithe. Koma lilime likamatupirabe, malovu akukanika kumezeka kapena kupuma kukuvuta, namwino aitanidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.