Dzina likatuluka pa mndandanda wa ku Congo

Pa Mtengowanthenga kulira kwa ndege si kwachilendo. Bwalo la ndege la Kamuzu lili pafupi pomwepa ku Lumbadzi, moti ana oweta mbuzi sayang'ananso n'kumwamba komwe. Koma alipo mabanja ena kuno ku Dowa omwe ndege ikamadutsa mtima umawagunda: mabanja a asilikali.

Uthenga wake umabwera pa foni. Mnyamata wa ku Mvera Support Battalion kapena ku Kamuzu Barracks amauza a kumudzi kuti dzina lake latuluka, akupita kunja kukasungitsa mtendere. Amayamba wakachita maphunziro, nthawi zambiri ku mapiri a Chikala ku Machinga, kenako ulendo, ndipo kumuonanso ndi pakatha miyezi yambirimbiri.

Tsiku limenelo pakhomo pamagwa chimwemwe ndi mantha nthawi imodzi. Amalume ayamba kale kuwerenga malata ndi matumba a fetereza. Alamu akuti mwayi wa njinga yamoto ya kabaza uja ndi umenewu. Koma mayi wa ana ali duu pakhonde, nsima yawakanika.

Maulendo oterewa sanayambe lero. Azigogo athu a King's African Rifles anakafika mpaka ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1987 asilikali athu anakalondera njanji ya Nacala ku Mozambique, mu 1994 anapita ku Rwanda, ndipo mu 2011 ku Ivory Coast. Mu 2013 Malawi inalowa m'gulu la Force Intervention Brigade ku Democratic Republic of Congo pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa. Gulu limeneli bungwe la United Nations linalipatsa mphamvu zochita kulondola zigawenga m'tchire, osati kungoima pa msewu ayi.

Nanga ndalama zomwe anthu amazikamba pa bawo zija? Mu 2018 bungwe la UN linkapereka madola 1,428 pamwezi pa msilikali aliyense. Koma tamverani: ndalamazi zimapita ku boma lomwe latumiza asilikali, ndipo boma ndi lomwe limakonza alawansi ya munthu wake. Tsono achibale asamangochulukitsa madola ndi miyezi n'kuthamangira katapila poganiza kuti mwana akadzabwera adzabweza.

Mantha a mayi uja nawo si opanda pake. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi 6 anaphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania yemwe anavulala. Mnzakeyo anapulumuka. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa UN, António Guterres, anapereka mendulo ya Captain Mbaye Diagne kwa banja la Chitete ku New York. Ulemu waukulu zedi, koma mendulo silima m'munda.

Mu Januwale 2025 asilikali athu ena atatu, omwe anapita pansi pa bungwe la SADC, anafa pa nkhondo ndi zigawenga za M23 cha ku Goma. Mwezi wotsatira Lazarus Chakwera, yemwe anali pulezidenti pa nthawiyo, analamula kuti akonzekere zobwerera kumudzi, ndipo mu Malichi SADC inathetsa ntchitoyo.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amaphonya. Amakhalira kukonza nkhuku yotsanzikana, koma nkhani zenizeni osazikhudza, ati kutchula imfa n'kuiitana. Chonsecho kwathu kuno timadziwa zomwe zimachitika mwamuna akamwalira, makamaka mkazi akakhala wachitengwa: maliro asanathe, akuchimuna ayamba kale kunyamula mipando.

Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Komabe mlandu umatenga nthawi, pomwe ana akufuna fizi lero. Chanzeru n'chakuti msilikali asanakwere ndege alembe wilo pamaso pa mboni ziwiri. Aonenso dzina la wachibale lomwe analembetsa ku ntchito, chifukwa ena analemba amalume ali mbeta ya mwamuna, ndipo atakwatira sanasinthe. Anene poyera, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, yemwe azitapa ndalama ku banki, ya fizi ndi iti, ya fetereza ndi iti, ya makolo ndi iti.

Ambiri amapita n'kubwerako bwinobwino, nyumba ya malata n'kuimadi. Koma wokonza zake asananyamuke amagwira mfuti ndi mtima umodzi, ndipo otsala pakhomo sadzakanganirana thukuta lake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abale, wa m'madola uja akadali ku Congo.