Nkhanga Ifuna Cipolopolo Cace: Mlenje Ayambe Wayesa Mfuti

CHADIZA: Dzinthu zikakololedwa ndipo ng'ombe zayamba kudya mapesi m'minda, nkhanga zimasonkhana m'magulu ndi kutsikira m'minda ya nshawa ndi cimanga kukatola zotsalira. Nyengo imeneyi, ku maiko a Mfumu Mlolo, Mfumu Zingalume ndi Mfumu Mwangala, munthu amene ali ndi mfuti ya cifefe amaitsitsa pa cipupa, naipukuta, nayamba kuganiza za ndiwo. Koma kawirikawiri mfuti imalira m'mawa, mwini wace nabwerera kumudzi atanyamula nthenga zokha, nkhanga itathawa ndi bala kukafera m'chire. Ena amanamizira mfuti, ena amati pali munthu wawacita cipongwe. Coona cace nthawi zambiri ncakuti cipolopolo, kukamwa kwa mfuti ndi mtunda sizinagwirizane.

NAMBALA ZA ZIPOLOPOLO

Mfuti ya cifefe siponya cipolopolo cimodzi ai. M'kati mwa cipolopolo cace muli timibulu ta mtovu timene timamwazika tikaturuka mu mpope. Pa bokosi ndi pa cipolopolo pamalembedwa nambala, ndipo nambalayo ikamakula timibulu timacepa msinkhu ndi kuculuka ciwerengero. Kulinga ndi muyeso wa ku England, m'magalamu 28 a mtovu muli timibulu pafupifupi 170 ta Nambala 4, 220 ta Nambala 5, ndi 270 ta Nambala 6. Zipolopolo za AAA ziri ndi timibulu pafupifupi 35 pa muyeso womwewo, ndipo za SSG ziri ndi 15 tokha.

Alenje ena amasunga SSG kapena AAA cifukwa ca nguluwe zoononga m'munda, ndipo nkhanga ikaoneka amaiombera ndi comweco, poganiza kuti cacikuru ndico camphamvu. Koma nkhanga imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono cabe. Timibulu 15 tikamwazika pa mtunda wa mayadi 40 timasiya mipata yoti mbalame yathunthu nkutsalamo osakhudzidwa, kapena kamodzi kokha nkuilasa m'mimba, niuluka kukafera kutali. Nkhanga iri ndi nthenga zothinana ndi thupi lolimba, motero imafuna kulasidwa ndi timibulu tingapo nthawi imodzi. Cifukwa cace Nambala 4 kapena 5 ndiyo iyenera nkhanga, pamene nkhwali ndi njiwa zikwanira Nambala 6 kapena 7.

Nzeru imeneyi aidziwanso alenje a ku America amene amasaka nkhukundembo za m'chire, mbalame zoposa nkhanga kanai kapena kasanu kulemera kwace. Iwo sagwiritsa nchito timibulu tatikuru ta nyama. Ndi mtovu amasankha Nambala 4, 5 kapena 6, nalozetsa kumutu ndi khosi, mbalame itayandikira.

KUKAMWA KWA MFUTI

Mipope yambiri ya cifefe njocepetsedwa pang'ono kukamwa kwace, ndipo kucepako amisiri a mfuti amakucha choke. Nchito yace iri ngati ya munthu amene wapana kukamwa kwa paipi ya madzi ndi cala: madziwo amapita kutali ali pamodzi. Mmisiri wa ku Birmingham, W. W. Greener, ndiye anachukitsa luso limeneli ca m'ma 1874 ndi 1875, ndipo mfuti za dzina lace zinafika m'maiko ambiri a mu Africa.

Pa mfuti ya 12 bore, imene mpope wace ngwa mamilimita pafupifupi 18.5 m'mimba mwace, kucepetsa kwakukuru koposa kuli ngati milimita imodzi yokha, koma zotsatira zace nzazikuru. Amisiri amayesa poombera bwalo la masentimita 76 m'mimba mwace pa mtunda wa mayadi 40, ndiwo mamita pafupifupi 37. Mpope wosacepetsedwa konse umalowetsa m'bwalolo timibulu 40 mwa 100 tiri tonse. Wa half choke umalowetsa 60, ndipo wa full choke umalowetsa 70. Ndiko kunena kuti mwa timibulu 270 ta Nambala 6, mpope wotseguka ungalowetse ngati 110, pamene wa full choke ungalowetse ngati 190.

Izi sizitanthauza kuti full choke ndiye wabwino pali ponse. Nkhanga ya pamtetete njocenjera, imathamanga nidzukira patali, ndipo pamenepo mpope wothina umathandiza. Koma nkhwali yodzuka pafupi m'udzu, pa mayadi 15, mpope wothinawo umaiphonya popeza timibulu tisanamwazike, ndipo ukailasa umaiphwanya kotero kuti mayi kunyumba amasowa cophika. Mfuti za mipope iwiri yogundana m'mbali kawirikawiri mpope wa kumanja ndiwo wotseguka, wa mbalame ya pafupi, ndipo wa kumanzere ndiwo wothina, wa mbalame imene yatalikira. Mwini mfuti ya mpope umodzi alibe cosankha, koma ayenera kudziwa kuti mpope wace ngwotani kuti adziwe mtunda woimapo.

MAYESO A PA CULU

Njira yodziwira njapafupi ndipo imadya zipolopolo ziwiri zokha. Mlenje apeze katoni yaikuru kapena mapepala a matumba a simenti, awalumikize kufikira mita imodzi mbali zonse, awakhomere pa mitengo patsogolo pa culu cacitali, kutali ndi mudzi ndi njira. Aime pa mayadi 40, alozetse pakati, naombe. Pambuyo pace amange cingwe ca masentimita 38 ku msomali, alembe bwalo pozungulira pamene timibulu taculuka, nawerenge timabowo. Ayang'anenso ngati pali mipata yoti nkhanga nkukwanamo. Mipata yotere ikakhalapo, abwereze pa pepala lina ataima pa mayadi 30. Mtunda umene mipata yatha ndiwo malire a mfuti yace ndi cipolopolo cimeneco, ndipo mbalame iri kupitirira pamenepo aileke ipite. Mayesowa amaonetsanso ngati mfuti imaponya kumwamba, pansi kapena kumbali kwa pamene maso aloza.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlenje wodziwa pamene nkhanga zimamwa madzi ndi njira imene zimadzera potsikira kumunda amazidikira kuti zifike m'malire ace, ndipo cipolopolo cimodzi cimabweretsa ndiwo.

NGOZI ZOPEWEKA

Pali zinthu zina zimene zikhudza moyo wa munthu. Pa mpope, pafupi ndi polowera cipolopolo, pamadindidwa utali wa cipolopolo cimene mfutiyo inapangidwira: mamilimita 65, 70 kapena 76. Cipolopolo cacitali cingathe kulowa mu mfuti ya polowera pafupi, mfuti nitseka bwino, popeza utali wace amauyesa cikatseguka pambuyo pa kuomba. Pamenepo mphamvu ya onga imapanikizika ndipo mfuti yakale ingang'ambike m'manja. Cipolopolo ca 20 bore cisasungidwe m'thumba limodzi ndi za 12 bore, pakuti cimatsetsereka kulowa m'kati mwa mpope, ndipo ca 12 cikaikidwa pambuyo pace mpope umaphulika. Dothi kapena cisa ca mavu kukamwa kwa mfuti zimacitanso cimodzimodzi, motero mlenje asuzumire mu mpope asanaike cipolopolo. Masiku ano kulinso zipolopolo za timibulu ta citsulo, cifukwa mtovu ndi poizoni ku mbalame za m'madzi zimene zimaumeza. Dziko la United States linaletsa mtovu posaka abakha mu 1991. Koma citsulo sicifinyika ngati mtovu, ndipo cingatupitse kukamwa kwa mfuti yakale ya full choke.

Timibulu ta Nambala 6 timagwa pansi tisanapitirire kwambiri mamita 200, koma ta SSG tingafike pafupifupi theka la kilomita tikali ndi mphamvu yovulaza. M'nyengo ya cilimwe m'minda ndi m'madambo mumakhala anyamata obusa ng'ombe, amai otema nkhuni ndi ana okumba mbewa. Wooombera nkhanga ndi SSG m'munda wa pafupi ndi mudzi akuika pa ngozi ana a mnansi wace, ndipo mlandu wotere sutha ndi mbuzi ai.

LAMULO NDI NYENGO

Mfuti iri yonse iyenera kukhala ndi ciphaso monga mwa lamulo la mfuti, Firearms Act, ndipo kusaka mbalame za m'chire kuli ndi ciphaso cacenso pansi pa lamulo la nyama la 2015. Nchito imene inali m'manja mwa ZAWA inapita ku Department of National Parks and Wildlife mu 2016, ndipo kumeneko ndiko kofunsa za mbalame zololedwa ndi nyengo yace. Kusaka usiku ndi nyali nkoletsedwa.

Mvula ikagwa magulu a nkhanga amapasuka, ziwiriziwiri nizikamanga zisa m'udzu. Thadzi limafungatira mazira kwa masiku 26 kufikira 28, ndipo wolipha nthawi imeneyo wapha cisa conse. Nkhanga zomwezo zimadya ziwala, ciswe ndi tizirombo tina ta m'munda. Mlenje wofuna kuti adzukulu ace adzamvenso kulira kwa nkhanga m'mawa apacike mfuti pa cipupa mvula yoyamba ikagwa, naitsitsenso zokolola zitalowa m'nkhokwe.