Bwato lisang'ambike lisanalawe madzi

Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato ikusowa m'mbali mwa nyanja. Alimi ambiri amene amaphatikiza khasu ndi ukonde ku Mangochi, Salima ndi ku Chilwa amagula bwato kutali n'kulinyamula pa pikapu. Ndalama za mpunga wa chaka chonse zimatha kuthera pa ulendo umenewu.

Vuto ndi kutalika. Kumbuyo kwa pikapu n'kotalika pafupifupi mamita 2, pomwe bwato limafika mamita 4 kapena 5. Mukaligoneka choncho, gawo lalikulu limalendewera panja, ndipo galimoto ikagunda dzenje limang'ambika.

Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni magoli awiri, lina kuseri kwa mutu wa galimoto, lina kumapeto, omangidwa ndi mabawuti. Bwato litsamire pamenepo, osati padenga la dalaivala. Denga ndi lata chabe, limabonyoka. Pa magoliwo kulungani zidutswa za matayala akale kuti chitsulo chisadye mtengo.

Livundikireni chafufumimba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mvula ikakupezani panjira bwato litayang'ana kumwamba, mwasenza katundu wina pamwamba penipeni.

Mangani ndi zingwe za nayiloni kapena malamba, pa goli lililonse komanso kumutu ndi kumchira. Mphira zomangira katundu panjinga zisiyeni, zimatamuka. Kumapeto kolowekani nsalu yofiira. Mukayenda pang'ono imani, mukokenso zingwe.

Musananyamuke, funsani ku ofesi ya zankhalango za chikalata chonyamulira, poti pa rodibuloko adzafuna kudziwa kumene mtengowo unadulidwa.